A Mzomera Atasiya Kuimba Foni

Pa kampani ya Mkuyu, mumzinda wa Lilongwe, pankagwira ntchito anthu asanu ndi awiri okha. Atatu ankalemba mapulogalamu a kompyuta m'chipinda chakumbuyo, chimene munthu sankalowamo osagogoda. Awiri ankayenda pa galimoto kukatsatsa mapulogalamuwo m'maofesi, m'sukulu ndi m'zipatala. Mwini kampani, bwana Sungani, anali ndi ofesi yawoyawo yokhala ndi fani. Wachisanu ndi chiwiri anali Mwajuma Bakari, mtsikana wa ku Nkhotakota, amene anali ndi tebulo pafupi ndi khomo, foni imodzi ndi kope lachikuto chofiira. Ntchito yake inali kuyankha anthu amene anagula kale, zinthu zikawakanika.

Sinali ntchito yoti munthu n'kuisirira. Palibe amene ankaimba foni kuti athokoze. Ena ankayamba kukalipa asanapereke n'komwe moni, poti m'zaka zoyamba za matipate anthu anali atangomasuka pakamwa ndipo aliyense ankafuna kuyesa mawu ake. Mwajuma ankawasiya alankhule mpaka mpweya uwathere, kenako n'kunena mofatsa kuti, "Pepani, bambo. Tsopano tandiwerengerani zimene zalembedwa pagalasipo, monga mmene zilili." Akatero, wokalipa uja ankayamba kuwerenga ngati mwana wa sukulu, ndipo nthawi zambiri foni inkatha ndi kuseka.

Mwa onse amene ankaimba, Mwajuma ankakonda a Raston Mzomera, kalaliki wa pachipatala chaching'ono cha mpingo ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota. Chipatalacho chinalandira kompyuta ndi magetsi a dzuwa kuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo mu Febuluwale 1999 Stefano, wotsatsa malonda wa pakamwa potsekemera, anawagulitsa pulogalamu yolembera odwala yotchedwa Kaundula. Pachipatalapo panalibe foni. Choncho Lachiwiri lililonse masana a Mzomera ankakwera matola mpaka pa boma, n'kuima pamzere ku positi ofesi atagwira pepala la mafunso.

"Monire, mama," ankayamba choncho, ndi kalankhulidwe kawo ka kumpoto. "Ndine Mzomera wa ku Liwaladzi. Funso loyamba."

Sankakalipa, sankadandaula. Akayankhidwa ankabwereza yankholo pang'onopang'ono uku akulemba, n'kumaliza ndi "Yewo." Koma mafunsowo ankangobwera omwewo: kompyuta yakana kupitirira, kompyuta ikuti munthuyu palibe. Mwajuma ankayankha monga anamuphunzitsira a kuchipinda chakumbuyo. "Onetsetsani kuti mwadzaza malo onse, bambo. Yesaninso."

Chakumapeto kwa Epulo a Mzomera anasiya kuimba. Linadutsa Lachiwiri loyamba, lachiwiri, lachitatu, zii. Pa msonkhano wa Lolemba m'mawa Mwajuma anaitchula nkhaniyo.

"Kasitomala akakhala chete ndiye kuti wakhuta," anatero bwana Sungani, osadzutsa mutu pa mapepala awo.

"Kwathu sizitero, bwana. Munthu akasiya kukudandaulira ndiye kuti wakuchotsa mumtima."

Stefano anaseka. "Mdala uja ndinamuona ine mwezi watha. Zala zake zinazolowera bolopeni. Vuto ndi zaka, sisi, osati pulogalamu. A komiti ya chipatalacho ndinawauza kale."

Koma anawonjezera kuti mpingowo uli ndi zipatala zina zinayi m'mbali mwa nyanja, ndipo akuluakulu ake adzagamula mu Juni ngati agule Kaundula pa zonsezo. Apo bwana Sungani anadzutsa mutu.

"Pita, Mwajuma. Masiku awiri. Pa basi."

Ananyamuka Lachiwiri m'mamawa kudzera ku Salima. Inali nyengo ya kampeni. Pamalo alionse ochitira malonda panali mbendera za mitundu yosiyanasiyana pamitengo, ndipo magalimoto a zimkuzamawu ankapishana ndi basi akuimba nyimbo. Atawoloka mlatho wa pa Chia, fungo la mpunga wongomwetedwa kumene linalowa pazenera, ndipo Mwajuma anazindikira kuti patha chaka ndi theka asanapondeko kwawo. Anagona kwa azakhali ake pa boma, kufupi ndi mzikiti, ndipo Lachitatu anakwera matola oyamba a ku Liwaladzi.

Chipatalacho chinali cha njerwa zowotcha, zipinda zinayi ndi khonde lalitali lodzaza amayi obereka ana. M'kachipinda kolembera odwala Mwajuma anapeza bambo wamtali, woonda, wa imvi m'mbali mwa mutu, atavala malaya oyera ndi tayi. Kumbuyo kwawo kunali mabokosi a matabwa khumi ndi awiri odzaza makadi. Pangodya panali kompyuta, itafunditsidwa chitenje, pamwamba pake atakhazikapo botolo la maluwa apulasitiki.

"Ndine Mwajuma, bambo. Wa pafoni uja."

A Mzomera anaimirira msanga mpaka mpando unagwa. "Mama! Mwabwera nokha? Ulendo wonsewu?" Anamupatsa moni ndi manja awiri, koma maso awo anathawira ku chitenje chija, ndipo manyazi anaonekeratu pankhope.

Namwino wamkulu, Sisita Fyness, ndi amene anamufotokozera zonse atamukokera pambali. Stefano atabwera mu Epulo anauza komiti ya chipatala kuti pulogalamu ilibe vuto, kungoti ikufunika mnyamata wa Folomu 4. Komiti inagwirizana kuti a Mzomera apume pa ntchito kumapeto kwa Juni. Lachisanu la sabata yomweyo m'mawa komitiyo inali kudzakumananso kuti itsirize nkhaniyo.

"Bambo awa anandilandira ine ndili kamtsikana kongochoka ku sukulu," anatero Sisita Fyness. "Koma nditani? Amene anatipatsa kompyuta akufuna kumva kuti ikugwira ntchito."

Mwajuma atabwerera m'kachipinda muja anafunsa, "Bambo, munasiyiranji kuimba?"

"Ndinaona kuti ndikukutayitsani nthawi, mama. Mumandiyankha bwino sabata iliyonse, ine osamva. Ndiye kuti vuto ndine."

"Tachotsani chitenjecho. Lero sindikuphunzitsani kanthu. Ndikufuna ndingoona mmene mumachitira."

Anakhala pa kampando kumbuyo kwawo, kope lofiira lili pamwendo. Choyamba chimene anaona n'chakuti zala za a Mzomera zinalibe vuto. Ankalemba ndi zala ziwiri, inde, koma osaphonya chilembo. Analowa mayi wina wachitsikana ali ndi mwana kumsana.

"Dzina, mayi?"

"Madina Yakubu. Koma kumudzi amati make Idrisa."

"Munabadwa liti?"

Mayiyo anaseka. "Amayi amati chaka chimene nyanja inasefukira n'kumiza mpunga wonse."

A Mzomera analoza pagalasi. Panali timabokosi titatu, ka tsiku, ka mwezi ndi ka chaka. Atayesa kudumpha, kompyuta inalira n'kutulutsa mawu ofiira.

"Apa ndi pamene timakanganirana ine ndi mnzangayu," anatero. "Chakacho ndikuchidziwa, ndi 1979 kapena 1980. Koma tsiku ndi mwezi ndikazitenga kuti? Mnyamata wanu uja anati ndizingolemba 1 Januwale. Mama, ndalemba kaundula zaka makumi atatu ndi chimodzi, sindinaikemo chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndiyambe lero kunena kuti anthu onse a Liwaladzi anabadwa tsiku la Chaka Chatsopano?"

Anatembenuka, n'kutsegula bokosi lachitatu, zala n'kuyenda pa makadi kangapo, ndipo kadi la Madina linatuluka. Mwajuma anafunsa kuti alipeza bwanji msanga chotero. Iwo anafotokoza kuti sasanja makadi potsata zilembo. Bokosi lililonse ndi mudzi kapena gombe limene asodzi ake amakocheza. M'bokosimo makadi ali m'mabanja, ndipo banja limadziwika ndi mayi wake. Munthu angasinthe dzina, angalitchule mwina lero mwina mawa, angabwere ndi dzina la kumzikiti kapena la kusukulu, koma mudzi wake ndi mayi wake sizisintha.

"Kompyuta imandifunsa dzina lokha. Ndikalemba mosiyana chilembo chimodzi, imati munthuyu palibe. Pomwe munthuyo ali chilili pamaso panga, ndipo ndinamulemba ndekha tsiku limene anabadwa."

Masana Mwajuma anapempha kuti akhalepo yekha pa mpando. Ankaidziwa Kaundula ngati njira ya kwawo, koma patadutsa pafupifupi ola limodzi anali atalemba anthu anayi okha. Mzere unafika mpaka pa mtengo wa mango. Msodzi wina wa bandeji kumwendo anasuzumira pakhomo.

"Achemwali, kodi tabwera kudzachira kapena kudzaonera kanema?"

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Mwajuma anaimirira n'kubweza mpando kwa mwini wake. Mtima unamupweteka pokumbukira kuti kwa miyezi iwiri anakhala akuuza munthu wamkulu ameneyu kuti ayesenso, munthu amene ankasiya ntchito n'kukwera matola kudzamuuza zoona.

Anathamangira ku boma positi ofesi isanatseke. Foni inayankhidwa ndi Tedson, mkulu wa olemba mapulogalamu, mnyamata wanzeru amene anaphunzira ku yunivesite ku Zomba ndipo Kaundula anaiumba yekha. Mwajuma anamuwerengera zonse za m'kope.

"Pulogalamu ilibe vuto," anatero Tedson. "Munthu aliyense ali ndi tsiku lobadwa."

"Amayi anu anabadwa liti, a Tedson?"



"Zimenezo n'zina," anayankha Tedson.

"Si zina ayi. Ndipatseni abwana."

Bwana Sungani anamvetsera pang'ono n'kumudula. Anati masiku awiri akwana, mawa abwerere, za komiti akathana nazo Stefano.

"Bwana, munandilemba ntchito kuti ndizimva zimene makasitomala akunena. Ndamva, ndipo ndikukuuzani. Munthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha cholakwa chathu. Mutumize a Tedson adzakhale pa mpando uja tsiku limodzi lokha. Akalemba anthu makumi awiri dzuwa lisanapendeke, mundichotse ineyo."

"Ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa, bwana. N'chifukwa chake ndikuuza inuyo."

Anatuluka mu positi ofesi n'kulunjika kunyumba. Azakhali ake atamva nkhaniyo anangogwira kukamwa. "Iwe, ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe anzako amaipempherera. Ukuitaya chifukwa cha mdala amene si m'bale wako?" Mwajuma nayenso ankadzifunsa funso lomwelo.

Lachinayi cha m'ma leveni galimoto ya kampani inaima pakhomo la chipatala. Anatsika Stefano, atavala jekete ngakhale kunkatentha, ndi Tedson, atanyamula bokosi la madisiki, nkhope ili gwa. Tedson sanafune zambiri. Anapempha a Mzomera kuti akakhale pa benchi, iye n'kukhala pa mpando, n'kupinda manja a malaya.

Woyamba anali gogo wina amene atafunsidwa za kubadwa kwake anati anali kale ndi mano pa njala yaikulu. Tedson anayang'ana uku ndi uku, kenako n'kulemba 1 Januwale mwakachetechete. Wachiwiri anatchula mayina atatu, lililonse n'kunena kuti ndi lake lenileni. Pofika wachisanu thukuta linali litanyowetsa kolala. Wachisanu ndi chimodzi anali mayi wina dzina lake Mwanaisha, amene ankanjenjemera ndi malungo atadzikuta nsalu ziwiri.

"Munabwerapo kuno, mayi?"

"Kambirimbiri."

Tedson analemba dzinalo, kompyuta inati palibe. Analembanso, palibe. Anatsegula tsamba latsopano, n'kupatsa mayiyo kapepala kosonyeza kuti ndi wodwala watsopano, kuti alowe kwa namwino. Mayiyo atangofika pakhomo, a Mzomera anadzuka pa benchi.

"Pepani, bambo. Adikire kaye."

Anatsegula bokosi lachisanu ndi chiwiri n'kusolola kadi lomangidwa kaulusi kofiira pangodya. Analiika patebulo, pamaso pa Tedson.

"Mayi awa mankhwala a fansida anatsala pang'ono kuwapha zaka zitatu zapitazo. Khungu linasupuka, anagona milungu iwiri ku boma. Lero Sisita ali kwa amayi oyembekezera, ndipo amene akuona odwala ndi mlendo, sawadziwa. Ndi kapepala kanuka awapatsa fansida yemweyo. Ndinawalembamo mu kompyutamo mu Malichi, ndi chenjezo lomwe. Tayesani kuika y pakati."

Tedson analemba Mwanayisha. Tsamba linatseguka, ndipo pansi pake panali mawu amene a Mzomera analemba ndi zilembo zazikulu. Tedson anakhala akuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kukokera mpando kwa a Mzomera, iye n'kutenga kampando kakang'ono kamene Mwajuma anakhalapo dzulo lake.

"Tandibwereka kope lako," anauza Mwajuma, osamuyang'ana.

Komiti inakumana Lachisanu m'mawa pansi pa mango uja. Wapampando, a Kalilu, bambo wamkulu wa kofiya woyera amene ankaimira midzi ya m'mbali mwa nyanja, ananeneratu kuti nkhani ithe nthawi ya swala ya Ijumaa ku mzikiti isanakwane. Stefano analankhula poyamba, ndipo analankhula bwino monga mwa nthawi zonse. Anati dziko lasintha, Malawi watsopano akufuna zipangizo zatsopano, timavuto ting'onoting'ono tilipo koma akatswiri afika. Za a Mzomera sanatchule. Akomiti ankagwedeza mitu, ndipo mlembi anali atatulutsa kale kalata yoti isainidwe.

Mwajuma anakweza dzanja. Stefano anamuponda chala pansi pa benchi, koma iye anaimirira.

"Bambo wapampando, ine ndine wamng'ono pa kampani yathu, ndimangoyankha foni. Koma ndakhala m'chipinda chija masiku awiri. Amene walephera si a Mzomera. Talephera ndife. Tinapanga pulogalamu yofunsa mafunso amene anthu akuno sangayankhe, ndipo iwo atakana kulemba zabodza tinati akalamba. Mukabweretsa mnyamata wa Folomu 4, kompyuta idzasiya kulira chifukwa azidzaipatsa chilichonse chimene ikufuna. Koma tsiku lina munthu adzamwa mankhwala amene sayenera kumwa. Dzulo zinatsala pang'ono kuchitika, ndipo anatipulumutsa ndi bambo awa."

A Kalilu anamuyang'anitsitsa.

"Iwe si mwana wa a Bakari a pa boma, osoka zovala aja?"

"Ndine, bambo."

"Ukudziwa kuti ukutentha nyumba imene umagonamo?"

"Sindikuitentha, bambo. Ikudontha. Ndikukuonetsani pomwe ikudonthera, ndipo wofolera wabwera, ali apayu."

Onse anatembenukira kwa Tedson. Iye ananena kuti zimene wanena Mwajuma n'zoona, ndipo akupempha masiku anayi ndiponso kuti a Mzomera akhale naye pafupi. A Kalilu anatenga kalata ija m'manja mwa mlembi, anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la mkanjo wawo.

"Anthu ogulitsa ndawaona ambiri," anatero. "Wa maukonde, wa injini, wa feteleza. Sindinamvepo wina akunena kuti katundu wanga ndiye wolakwa. Tiwapatse masiku anayiwo."

Kuseri kwa galimoto Stefano anamukalipira mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. "Miyezi itatu ndakhala ndikunyengerera anthu amenewa! Zipatala zinayi, iwe wazitaya m'madzi ndi mawu asanu. Ukuganiza kuti kampani imadya chilungamo?"

"Ukanagulitsa, achimwene, mafoni ake akanabwera kwa ine. Ndipo ndikanawauza chiyani, kuti ayesenso?"

Stefano anamenyetsa chitseko n'kubwerera ku Lilongwe yekha.

Masiku anayi amenewo Mwajuma sanawaiwale. Tedson ankagona m'nyumba ya alendo ya chipatala, ndipo poti mabatire ankatha mphamvu dzuwa likapendeka, ankayamba ntchito tambala atangotsika. A Mzomera ankakhala pambali pake atavala tayi ngakhale Loweruka, akumulembera pa pepala zaka zimene anthu amakumbukira nazo kubadwa: njala yaikulu, chaka cha ufulu, kusefukira kwa nyanja, chilala, referendamu, sukulu yaulere, ndi zina za m'midzi momwemo zimene munthu wa ku Lilongwe sakanazidziwa. Mwajuma anali pakati pawo ngati womasulira. Tedson akanena za chipinda chakumbuyo, iye ankazisandutsa Chichewa. A Mzomera akayamba mbiri ya banja lonse kuchokera kwa agogo, iye ankatolamo chimene Tedson ankafunikira. Awiriwo anakangana kawiri konse, kamodzi pa nkhani ya ana amapasa amene onse ankatchedwa dzina limodzi, ndipo Mwajuma anawasiya akangane chifukwa anaona kuti tsopano akukangana ngati anthu ofanana.

Lachiwiri m'mawa anaiyesa pamaso pa Sisita Fyness ndi a Kalilu. Kaundula tsopano inkayamba ndi kufunsa mudzi, kenako mayi wa banja, kenako dzina, ndipo inkatulutsa mayina onse omveka mofanana kuti kalaliki asankhe. Pa kubadwa inkalola chaka chokha, kapena kulemba kuti n'chongoyerekeza. Wodwala wokhala ndi chenjezo, tsamba lake linkatseguka ndi mzere wofiira pamwamba. Mzere wa anthu unatha isanakwane leveni koloko. Msodzi wa bandeji uja, amene anabwera kudzatsukitsa bala, anadandaula kuti amulemba msanga asanamalize n'komwe kucheza ndi anzake.

A Kalilu anatulutsa kalata ija n'kuipereka kwa a Mzomera. "Iyi muione nokha chochita nayo."

A Mzomera anaiwerenga yonse mpaka pansi, monga ankachitira ndi pepala lililonse, n'kuiika m'thumba. Kenako anapita kwa Mwajuma. Anangomugwira dzanja n'kuligwedeza, n'kuligwedezanso.

Ku Lilongwe sanamulandire ndi nthungululu. Anapeza kalata ya chenjezo patebulo, yonena kuti anakana lamulo la bwana ndipo anachititsa manyazi kampani pamaso pa kasitomala. Akuluakulu a mpingo atamva zonse anaimitsa kaye zogula, ponena kuti ayambe aona mmene ziyendere ku Liwaladzi mpaka mvula itagwa. Stefano anakhala mwezi wathunthu osamupatsa moni. Mwajuma anasaina kalatayo, n'kubwerera pa foni yake, chifukwa sukulu ina ya ku Dedza inali itaimba kale katatu.

Koma zinthu zina zinasintha popanda wolengeza. Chitseko cha chipinda chakumbuyo chinayamba kukhala chotsegula. Tedson akamaliza chinthu ankabwera nacho pa tebulo la pakhomo n'kunena kuti, "Tachiyesa iwe, uone ngati munthu angachimve." Ndipo tsiku lina bwana Sungani, akutuluka kupita kukadya, anaima pafupi ndi tebulolo n'kunena, maso ali ku msewu, kuti kuyambira mwezi wamawa Mwajuma azipita kwa kasitomala aliyense watsopano sabata yoyamba, ndipo azipita pa galimoto.

Mu Novembala mpingo unagula Kaundula pa zipatala ziwiri mwa zinayi zija, n'kuika lamulo limodzi: makalaliki ake akaphunzitsidwe ndi a Mzomera. Maphunzirowo anachitikira m'kalasi ina kufupi ndi Ngala. Stefano ndi amene anayendetsa galimoto, ndipo atafika ku Liwaladzi anatsika yekha n'kuwatsegulira a Mzomera chitseko cha kutsogolo.

Makalaliki anali asanu, onse achinyamata. A Mzomera anaima patsogolo atavala jekete yakuda, n'kuyamba osati ndi kompyuta koma ndi mmene munthu amafunsira mayi wachikulire dzina lake popanda kumuchititsa manyazi. Ali mkati, mtsikana wina anakweza dzanja.

"Bambo, kwathu kuno kuli asodzi ochokera ku Usisya ndi ku Karonga. Amakhala miyezi itatu pa gombe lino, kenako asamukira kwina kutsata usipa. Mudzi wawo tilembe uti?"

A Mzomera anakanda m'mutu. "Limeneli ndi funso labwino, mwana wanga. Kwathu ku Liwaladzi ndi ochepa, ndimangowadziwa nkhope." Anatembenukira kumbuyo kwa kalasi. "Mama Mwajuma, pamenepa pulogalamu yathu ikuti bwanji?"

"Siikunena kanthu, bambo," anayankha Mwajuma. "Sitinaziganizire. Achemwali, tafotokozani bwinobwino. Iwowo akafika pachipatala amati ndi a kwa yani?"

"Amatchula mwini bwato."

"Ndiye tiyambire pamenepo. Pa gombe lanu eni mabwato alipo angati?"

Mtsikanayo anayamba kuwatchula mmodzimmodzi, anzake akumukumbutsa amene wawadumpha, ndipo Stefano anapita kukauza amayi ophika kuti tiyi achedwe naye pang'ono.